Kabati ya MDF ikamafufuma ndi kugwetsa zitseko: kupeza gwero la vuto ndi kulikonza

Chaka chilichonse mvula ikangokhazikika mu Disembala ndi Januwale, ife amisiri a matabwa mu Lilongwe muno timalandira madandaulo ofanana kuchokera ku nyumba zosiyanasiyana, kaya ndi ku Area 47, ku Area 25 kapena ku Kawale. Kabati ya kukhitchini imene inali yosalala ngati galasi yayamba kufufuma m'munsi, chitseko chakana kutsekeka, ndipo mahinjesi azuka pamodzi ndi nyenyeswa za bodi. Mwininyumba amati anamugulitsa bodi yachinyengo, mmisiri amati a m'nyumbamo amathira madzi ambiri pokolopa, ndipo pamapeto pake amasintha chitseko chimodzi n'kusiyana, kufikira mvula ya chaka chinacho itabweretsanso vuto lomwelo pamalo omwewo. Ndakonzapo makabati ambiri otere, ena opangidwa ndi anzanga, ena opangidwa ndi manja anga omwe, ndipo chimene ndaona n'chakuti vutoli limabwerera chifukwa timathamangira kukonza pamene paonongeka tisanafufuze pamene madzi akulowera.

Choyamba kuchimvetsa n'chakuti MDF si thabwa, ngakhale kuti imachokera ku mtengo. Kufakitale amatenga zidutswa za mitengo, kawirikawiri za paini kapena bulugama, amazifewetsa ndi nthunzi n'kuzipera mpaka zisanduke timaulusi tofewa ngati thonje. Kenaka amasakaniza timaulusito ndi guluu wotchedwa urea-formaldehyde komanso phula pang'ono, n'kutipsinja pakati pa zitsulo zotentha mpaka tigwirane kukhala bodi. Pa kulemera kwa bodi imodzi, magawo opitirira pang'ono 80 mwa magawo 100 ndi ulusi wa mtengo, pafupifupi 9 ndi guluu, limodzi lokha ndi phula, ndipo otsalawo ndi chinyezi chimene chimakhalamo kale. Bodi ya mamilimita 2440 m'litali, 1220 m'lifupi ndi 18 kukhuthala kwake imalemera makilogalamu pafupifupi 40, kuposa thabwa la paini la kukula komweko, ndipo kulemera kumeneku n'kumene kumanyenga ambiri kuganiza kuti chinthu chotere sichingaope madzi. Mabodiwa anayamba kufala ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1980. Amene timagula m'mashopu a hadiweya mu mzinda muno, ena amapangidwa ku Chikangawa kuchokera ku paini wa m'nkhalango ya Viphya, ena amalowa kuchokera ku South Africa ndi maiko ena, koma akakumana ndi madzi onse amachita chimodzimodzi.

Popsinja paja, mbali ziwiri zimene zimakhudzana ndi chitsulo chotentha zimalimba ndi kutsekeka bwino, pamene pakati pa bodi pamatsala pofewerapo. Choncho paliponse pamene macheka adutsa, ndiponso paliponse pamene paboledwa, pamatseguka khomo loloza ku mtima wofewa uja, ndipo pamenepo bodi imamwa madzi ngati siponji. Thabwa la mlombwa kapena mbawa likanyowa limatupa pang'ono, likauma limabwerera mwakale, chifukwa ulusi wake unalukana wokha mtengo ukukula. Ulusi wa MDF unapanikizidwa mokakamiza ndipo chimene chikuugwira ndi guluu yekha. Madzi akafooketsa guluuyo, ulusi umadzuka kubwerera pa kukula kumene unali nako usanapsinjidwe, ndipo ngakhale bodiyo iume bwanji siidzabwereranso pa mamilimita ake oyamba. Mfundo imeneyi ndiyo imatsogolera kukonza konse kumene ndifotokoze m'munsimu.

Musanagwire chida chilichonse, tsimikizani kuti kabati yanu ndi ya MDF di, pakuti mabodi okutidwa ndi melamini woyera, chikuto cholimba chonga pulasitiki, amaoneka ofanana onse kunjaku. Yang'anani pamalo podulidwa posakutidwa, monga kumbuyo kwa shelefu kapena m'bowo la hinjesi. Mukaona nyenyeswa zazikulu zooneka ndi maso, imeneyo ndi chipibodi. Mukaona timatabwa tondandalika pakati pa zikuto ziwiri, ndi bulokubodi. MDF imaoneka yosalala, ya mtundu umodzi ngati katoni wolimba, yopanda mizere ya mtengo. Zambiri zimene ndikunena pano zimagwiranso ntchito pa chipibodi, kupatula zokhudza kupala ndi kupenta.

Kumene madzi akuchokera

Bodi yofufuma imasonyeza yokha kumene madzi anachokera ngati munthu aiyang'anitsitsa modekha. Kufufuma kukakhala m'munsi mwa makabati onse, mzere umodzi kuchokera pakona kufika pakona ina, wokwera masentimita awiri kapena asanu kuchokera pansi, madziwo ndi apansi. Nthawi zambiri amakhala a mopu, amene tsiku lililonse amakhudza m'mphepete mwa bodi imene inakhalitsidwa pa simenti kapena pa matailosi popanda chotchinga. Palinso njira ina imene ndi yodziwika bwino kwa ife a mu mzinda uno. Madzi akasiya kutuluka masana, wina amatsegula mpopi kuti aone, amaiwala kutseka, ndipo madzi akabwera pakati pa usiku amadzaza sinki n'kusefukira m'khitchini monse anthu ali m'tulo. Usiku umodzi wotere ndi wokwanira kuononga m'munsi mwa makabati onse, ndipo chizindikiro chake n'chakuti kufufumako kumaoneka kamodzin'kamodzi patapita masiku awiri kapena atatu, pamene kwa mopu kumakula pang'onopang'ono kwa miyezi.

Kufufuma kukakhala pa kabati ya pansi pa sinki yokha, musaimbe mlandu wokolopa. Chotsani zonse zimene zili m'katimo, pukutani pouma, yalani nyuzipepala pansi pake, ndipo mugwiritse ntchito sinki monga mwa masiku onse kwa tsiku limodzi. Pamene nyuzipepala yanyowa, yang'anani pamwamba pake molunjika. Kawirikawiri mupeza kuti ndi polumikizira paipi yotulutsa madzi akuda, kapena paipi yofewa yopita ku mpopi imene yayamba kuchucha pa nati. Dontho limodzi pa mphindi zingapo silioneka ngati kanthu, koma likamagwera malo amodzi kwa miyezi itatu limalowa pa bowo limene mmisiri anaboola kuti paipi idutse, ndipo kuchokera pamenepo limayenda m'kati mwa bodi pansi pa melamini pamene diso silikuona. Apa m'pamene mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere umakwanira bwino, chifukwa pamwamba pamakhalabe poyera ndi ponyezimira m'kati mutafumbwa kale. Nyuzipepala ikakhala youma koma bodi ya pamwamba yozungulira sinki ikutupa, ndiye kuti silikoni wa m'mbali mwa sinki wamatuka ndipo madzi otsukira mbale akulowa pamene anadula kuti sinki ikhale.

Gwero lachitatu ndi khoma, ndipo limeneli ndi limene limazunguza anthu kwambiri chifukwa m'khitchini simuoneka madzi ngakhale dontho. Zizindikiro zake ndi fungo la chinyontho mukatsegula kabati, nkhungu yakuda kapena yobiriwira pa bodi yopyapyala ya kumbuyo, ndi kupindika kwa bodiyo kulowa m'kati. Ine ndinaphunzira zimenezi pa nyumba ina yatsopano ku Area 49, kumene mwini wake anali pa changu cholowa ndipo ndinavomera kumangirira makabati pa khoma limene pulasitala wake anali asanaume. Pofika mu Febuluwale kumbuyo konse kunali kutachita nkhungu, ndipo ntchitoyo ndinaibwereza ndi ndalama zanga, pakuti kulakwa kunali kwanga povomera. M'nyumba zakale chinyezi chimakwera kuchokera ku maziko ngati pomanga sanaike pepala lotchinga madzi, kapena chimalowa kuchokera kunja pamene madzi a padenga amamenya khoma. Pofuna kudziwa, matani pepala la pulasitiki loonekera m'kati, lalikulu ngati tsamba la nyuzipepala, pa khomalo ndi tepi mbali zonse zinayi, n'kulisiya masiku awiri. Madontho akaoneka kumbali yoyang'ana khoma, chinyezi chikuchokera m'khomamo. Akaoneka kunja kwa pepalalo, ndiye kuti ndi nthunzi ya m'khitchini imene ikusanduka madzi ikafika pa khoma lozizira, ndipo mankhwala ake ndi kutsegula mawindo pophika.

Nthunzi ili ndi chizindikiro chakechake. Imatupitsa m'munsi mwa makabati a m'mwamba, makamaka pamene pamakhala ketulo kapena poto wophikira mpunga wamagetsi, ndipo kusuntha ketuloyo kuti mlomo wake uloze kutali ndi kabati kumathetsa nkhani.

Chimene chingapulumuke ndi chimene chiyenera kudulidwa

Mukatseka gwero la madzi, musathamangire sandipepa. Masulani zitseko, tulutsani madilowa, chotsani kabodi kotchinga m'munsi, ndipo mulole mphepo iyende m'kabatimo. M'nyengo ya mvula kuuma kumatenga sabata imodzi kapena kuposerapo. Zitseko muziimike pamthunzi podutsa mphepo, zitakhala pa timitengo kuti zisakhudze pansi. Musaziyanike pa dzuwa lamphamvu ndipo musaziyandikize ku mbaula, chifukwa mbali imodzi ikauma msanga kusiya inzake chitseko chimapindika ngati uta, ndipo mukhala mwawonjeza vuto lachiwiri pa loyamba.

Bodi ikauma, iyeseni ndi nsonga ya sikuludilaiva. Ikakhala yolimba, yongotukuka pang'ono ngati milimita imodzi ndi kuchita ubweya pamwamba, ingathe kukonzeka. Nsongayo ikalowa mosavuta, kapena m'mphepete mukagawanika ngati masamba a buku limene linanyowa, palibe guluu kapena penti amene angaibwezere mphamvu. Ndaonapo anthu akuthira guluu m'ming'alu yotere n'kupana ndi zopanira usiku wonse. M'mawa pamaoneka ngati pagwira, koma ulusi wa m'kati sunagwirane, ndipo sikuluwu iliyonse imene ingalowe pamenepo idzazuka. Gawo lotere liyenera kudulidwa, ndipo podula mupitirire masentimita asanu kuchokera pamene kutupa kukuthera, chifukwa madzi amakhala atayenda m'kati kuposa pamene akuonekera kunja.

Pa bodi yopentedwa imene yangotukuka pang'ono, kulungani sandipepa wa nambala 120 pa kathabwa kosalala n'kupala mpaka pafanane ndi pozungulira, kenaka musalaze ndi wa 180 kapena 220. Mukapukuta fumbi, pakani sanding sealer, mankhwala otseka ulusi wa bodi musanapente, kapena penti woyambira wa mafuta. Musayambe ndi penti wa madzi pa ulusi wosatsekedwa, pakuti madzi a mu pentiyo adzadzutsanso ubweya umene mwangochotsa kumene. Pa bodi ya melamini njira imeneyi siitheka, chifukwa kupala kumachotsa chikuto chimene sichingabwezeretsedwe. Pamenepo mungotseka m'mphepete ndi vanishi kuti kutupa kusapitirire, n'kuvomereza maonekedwe ake, kapena musinthe gawo lonselo.

Posintha m'pamene pagona nkhani yonse, pakuti bodi yatsopano yoikidwa monga inaikidwira yakale idzatha chimodzimodzi. Kabati isakhale pansi ndi bodi zake. Ikhale pa miyendo ya pulasitiki yosinthika kutalika kwake, imene imapezeka ya masentimita 10 mpaka 15, kapena pa miyendo ya chitsulo, kapenanso pa kachiunda ka njerwa koyalidwa pulasitiki pamwamba. Kabodi kotchinga miyendoyo kakhale kochotseka, ndipo m'mphepete mwake mwa pansi mupakidwe bwino, kuti kakadzaonongeka mudzangosintha kokhako. Pakati pa kabati ndi khoma pasiyidwe mpata wa masentimita awiri kuti mphepo izidutsa. Koposa zonse, m'mphepete mulimonse modulidwa mutsekedwe, kuphatikizapo mmene simudzaoneka: kumbuyo, pansi, m'mabowo a mapaipi, ndi pamene padulidwa kuti sinki ilowe. Pakani penti wa mafuta kapena vanishi wa polyurethane kawiri kapena katatu, podziwa kuti wopaka koyambayo bodi imangomumwa yense, ndipo sinki ikhazikidwe pa silikoni wozungulira mosadukiza. Ntchito imeneyi imadya tsiku limodzi lowonjezera ndipo mwininyumba saiona ndi maso, n'chifukwa chake amisiri ambiri amaidumpha. Ngati mukupangitsa kabati, pemphani kuti muone m'mphepetemo isanamangiriridwe ku khoma.

Ambiri amafunsa za bodi yobiriwira m'kati, imene amaitchula kuti MR. Imeneyi imapangidwa ndi guluu wowonjezeredwa melamini amene amapirira chinyezi kuposa wamba, ndipo ndi yoyenera kukhitchini kuposa ya masiku onse. Koma mtundu wobiriwirawo ndi utoto chabe wozindikiritsa, ndipo bodiyo inapangidwa kuti ipirire mpweya wachinyezi, osati kuima m'madzi. M'mphepete mwake mumafunika kutsekedwa chimodzimodzi. Maganizo anga ndi akuti kabati ya pansi pa sinki, ngakhale makabati ena onse atakhala a MDF, ipangidwe ndi pulayiwudi wa guluu wosaopa madzi. Kusiyana kwa mtengo pa kabati imodzi n'kochepa poyerekeza ndi kugumula sinki ndi mapaipi kachiwiri. M'bafa, pakhonde ndi pa chitseko chakunja MDF wamba isaikidwe n'komwe.

Mahinjesi ndi masikuluwu akazuka

Chitseko chikalendewera bodi ili youma ndi yolimba, vuto si madzi koma kalowedwe ka sikuluwu. MDF imagwira sikuluwu bwino ndithu ikalowa kuchokera pamwamba, chifukwa imadutsa m'chikuto cholimba chija, koma ikalowa m'mphepete imakumana ndi mtima wofewa wokhawokha. Sikuluwu yachikale ya matabwa, yonenepa kumutu ndi yosongoka kunsonga, ikalowetsedwa m'mphepete popanda kuboola imang'alula bodi pakati ngati nkhwangwa pa chikuni. Mng'aluwo poyamba suoneka, koma chitseko chikatsegulidwa ndi kutsekedwa kwa miyezi ingapo umakula. Yoyenera ndi sikuluwu yowongoka, ya mano akuluakulu, yofanana ndi ya chipibodi, ndipo nthawi zonse payambe paboledwa kabowo kotsogolera, kozama kupitirira pang'ono kutalika kwa sikuluwuyo. Pa sikuluwu ya mamilimita 4, kabowo ka mamilimita atatu n'kokwanira. Yolowa pamwamba italikire mamilimita 12 kuchokera m'mphepete ndi 25 kuchokera pakona, pamene yolowa m'mphepete italikire mamilimita 70 kuchokera pakona. Pa bodi yochepera mamilimita 15 ndi bwino kupewa kulowetsa m'mphepete. Cholakwa china chofala masiku ano ndi dirilo ya batire, imene imapitiriza kuzungulira sikuluwu itafika kale, n'kusandutsa ulusi wozungulira kukhala ufa. Kumanga komaliza kuchitike ndi dzanja.

Bowo likakula kale, anthu amakonda kulowetsamo timitengo ta machesi kapena kuika sikuluwu yokulirapo. Machesi amagwira kwa masabata ochepa, ndipo sikuluwu yaikulu imangowonjeza mng'alu. Kukonza kokhalitsa ndi kuboola bowolo bwinobwino kufika mamilimita 8, mosamala kuti musatulukire kuseri, kupaka guluu woyera wa matabwa pa kamtengo kozungulira ka dawelo ka mamilimita 8, kukakhomera m'bowomo, ndi kudikira tsiku lathunthu. Likatha tsikulo mudule kotsalira kuti pafanane, muboole kabowo kotsogolera pakati pa dawelo, ndipo sikuluwu idzakhala ikuluma mtengo weniweni. Pamene bodi yanyotsoka malo aakulu, pali timbale tachitsulo tokonzera mahinjesi timene timamangidwa ndi masikuluwu angapo pamalo abwino ozungulira ponyotsokapo, ndipo hinjesi imamangidwa pa kambaleko. Kakasowa, hinjesi ingasunthidwe masentimita asanu kukwera kapena kutsika kufika pamalo osaonongeka a bodi yomweyo. Kumbukirani kuti bowo la hinjesi ya m'kati ndi la mamilimita 35 m'mimba mwake ndipo limazama pafupifupi 12, kotero pa chitseko cha mamilimita 16 kutsogolo kumangotsala anayi. Chitseko chimene chafufuma pa hinjesi sichiyenera kutayirapo nthawi.

Ngati hinjesi ya pamwamba imazuka mobwerezabwereza ngakhale mutakonza bwino, werengani mahinjesi. Chifukwa cha kulemera kwa MDF, awiri amakwanira pa chitseko chosapitirira masentimita 90. Chotalika kufika pa 160 chimafuna atatu, ndipo cha wadiropu cha mamita awiri chimafuna anayi. Misomali yokha siigwira MDF. Ntchito yake ndi kugwirizira pamene guluu akuuma, ndipo kabati yolumikizidwa ndi misomali popanda guluu imayamba kugwedera tsiku loyamba limene yanyamulidwa pa galimoto posamuka.

Shelefu yopindika ndi penti wokana kusalala

MDF ilibe ulusi wautali woyenda kuchokera kumapeto kufika kumapeto ena monga thabwa, choncho ikasenza katundu kwa nthawi yaitali imagonja pang'onopang'ono, ndipo chinyezi cha m'nyengo ya mvula chimafulumizitsa kugonjako. Shelefu imene inali yowongoka mu Ogasiti imapezeka itachita chibwato mu Malichi ngakhale katundu ali yemweyo. Kutalika ndi kumene kumalanga kwambiri. Shelefu yodzaza mabuku ikatalikitsidwa kawiri, kupindika kwake kumachuluka ka 16. Pa bodi ya mamilimita 18 yosenza mabuku, mbale zadothi kapena ndowa za ufa, mpata wa pakati pa zochirikiza usapitirire masentimita 60. Kuitembenuza kumangoiwongola kwa kanthawi isanapindikirenso mbali inayo. Chothandiza ndi kumata kathabwa ka mtengo weniweni, kotalika masentimita anayi kapena asanu m'mwamba, m'mphepete mwa kutsogolo, kukhomera kena ku khoma kuti kachirikize kumbuyo, kapena kuika choimika pakati.

Za penti ndinena mwachidule. M'mphepete mukakhala mokhakhala pamene pamwamba pakunyezimira, ndiye kuti pentiyo wamwedwa ndi mtima wofewa uja, ndipo kuwonjezera wina pamwamba sikuthandiza. Musalaze ndi sandipepa wa 220, mupake sanding sealer, mupalenso mopepuka, mubwereze kachiwiri, kenaka mupente. Chitseko chipentedwe mbali zonse ziwiri mofanana, chifukwa chopentedwa kutsogolo kokha chimamwa chinyezi kumbuyo n'kupindika. Tepi yophimba m'mphepete mwa bodi ikamatuka pafupi ndi chitofu, ndi kutentha kumene kwafewetsa guluu wake. Ikhoza kumatidwanso podutsitsa ayironi yofunda pamwamba pa pepala, n'kukanikiza ndi kathabwa mpaka pazizire, koma ichitidwe msanga madzi asanapeze khomo limenelo.

Fumbi, fungo ndi zidutswa zotsala

Pokonza zonsezi mudzadula ndi kupala, ndipo fumbi la MDF silifanana ndi utuchi wa paini umene umagwa pansi. Ndi losalala ngati ufa woyera, limayandama mu mpweya nthawi yaitali, ndipo limanyamula guluu uja. Bungwe la International Agency for Research on Cancer, limene lili pansi pa World Health Organization, linaika fumbi la mitengo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu mu 1995, ndipo linachitanso chimodzimodzi ndi formaldehyde, mpweya wotuluka mu guluu uja, mu 2004. Zimandipweteka mtima ndikamadutsa pa mashedi a ku Mchesi n'kuona anyamata ophunzira ntchito atayera nsidze ndi fumbi, atangomanga kansalu pamphuno kapena opanda kalikonse. Kansalu sikatchinga fumbi lotere. Pafunika masiki yolembedwa FFP2 kapena N95, yogwira bwino pankhope. Kudula kuchitikire panja kapena pamalo otseguka, osati m'khitchini mmene muli zakudya, ndipo posesa muwaze madzi pansi mabodi atachotsedwa. Macheka akhale a mano olimba kwambiri a carbide, pakuti guluu wa m'bodi amabunthitsa chitsulo wamba msanga, ndipo macheka obuntha amawotcha ndi kunyotsola m'mphepete.

Kabati yatsopano ikamatulutsa fungo loyabwa m'maso ndi pakhosi, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndi formaldehyde amene akutuluka, ndipo kutentha ndi chinyezi zimawonjezera katulukidwe kake. Amachepa pakapita nthawi. Tsegulani zitseko za kabati ndi mawindo kwa masabata angapo, musaikemo zovala za mwana wakhanda kufikira fungo litatha, ndipo mupake vanishi paliponse pamene bodi ili yosakutidwa, chifukwa kutseka kumene kumaletsa madzi kulowa kumachepetsanso fungo kutuluka. Pogula, bodi yolembedwa E1 ndi imene inayesedwa kuti imatulutsa formaldehyde wochepa malinga ndi muyezo wa ku Ulaya.

Makala ndi nkhuni zakwera mtengo mu mzinda muno, ndipo ndikudziwa kuti zidutswa za ku shedi zimathera pa mafuwa. Za paini ndi bulugama wosapakidwa mankhwala zilibe vuto, koma za MDF, chipibodi ndi melamini zisasonkhezeredwe pophika kapena kuwotha, pakuti utsi wake ndi wa guluu ndi pulasitiki, ndipo amene amaupuma ndi mayi amene wawerama pa mphika ndi mwana amene ali kumbuyo kwake. Fumbi lake lisayalidwenso m'khola la nkhuku.

Mabodi atsopano amene mwagula kuti musinthire oonongeka aja anyamulidwe atakutidwa ndi tenti ngati kumwamba kuli mitambo, chifukwa mvula ya mphindi khumi pa galimoto yotseguka kuchokera ku Malangalanga imakwanira kutupitsa m'mphepete ntchito isanayambe. Akafika, agonekedwe chafulati pa timitengo tinayi kapena tisanu tofanana msinkhu, kutali ndi khoma, osati kutsamiritsidwa, ndipo akhale m'nyumba imene adzagwiremo ntchito masiku awiri kapena atatu asanadulidwe kuti azolowere chinyezi cha mmenemo. Pamene makabati akale achotsedwa ndipo khoma ndi pansi zili poyera, yang'anani m'makona ngati muli tinjira tadothi ta chiswe. Chiswe chimatsata chinyezi, ndipo bodi yonyowa chimaidya ngati mtengo wina uliwonse. Mukatipeza, tsatirani kumene tikuchokera, muthire mankhwala a chiswe m'ming'alu ya simenti, muitseke, ndipo mudikire kuti paume musanabwezeretse kabati pa miyendo yake.